Mitundu ya jasimini ndi kasiyanitsidwe kake

Jasimini ndi gulu la zitsamba ndi zomera zoyanga limene akatswiri a zomera amalitcha Jasminum. Gululi lili m'banja la Oleaceae, lomwe ndi banja la mtengo wa azitona, ndipo lili ndi mitundu pafupifupi 200. Mitunduyi imamera yokha m'madera otentha ndi ofunda a ku Asia, Africa, Australia ndi zilumba zina za m'nyanja ya Pacific. Ku America kulibe jasimini wachilengedwe, ndipo amene amapezeka kumeneko anachita kupita ndi anthu. Jasimini amadzalidwa makamaka chifukwa cha fungo la maluwa ake. Maluwawo amapangira mafuta onunkhira, amanunkhiritsira tiyi, amawatunga ngati mikanda pa maukwati ndi m'nyumba zopempherera ku Asia, komanso amakongoletsa pakhomo.

Kusiyanitsa mitundu ya jasimini kumavuta pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mitundu yambiri ili ndi maluwa ofanana: ang'onoang'ono, oyera, ooneka ngati nyenyezi. Chachiwiri, dzina lakuti jasimini linapatsidwanso zomera zina za m'mabanja ena, ndipo zina mwa izo zili ndi poizoni. Chifukwa cha ichi, dzina la pamsika ndi fungo sizokwanira. Njira yodalirika ndi kuyamba ndi masamba, kenako n'kuyang'ana duwa ndi kachikho kamene kamaligwira m'munsi.

Dzina

Mawu akuti jasimini anachokera ku chinenero cha ku Persia, komwe amati yasamin, ndipo anafika m'zinenero za ku Ulaya kudzera m'Chiarabu. Carl Linnaeus wa ku Sweden analemba dzina la Jasminum m'buku lake la Species Plantarum m'chaka cha 1753.

Mayina ambiri a jasimini amasocheretsa pa nkhani ya kumene chomeracho chinachokera. Jasminum sambac pa Chingerezi amatchedwa Arabian jasmine, koma kwawo ndi kum'mwera kwa Asia, osati ku Arabia. Jasminum grandiflorum amatchedwa Spanish jasmine ngakhale kuti sanachokere ku Spain, ndipo amene amatchedwa Italian jasmine kwawo ndi ku Asia. Ngakhale mayina a sayansi ali ndi vuto lomweli. Jasminum azoricum ali ndi dzina la zilumba za Azores, koma amamera yekha pa chilumba cha Madeira. Jasminum fluminense anapatsidwa dzina lonena za dera la Rio de Janeiro chifukwa José Mariano da Conceição Vellozo anamupeza akumera ku Brazil, pamene chomerachi kwawo ndi ku Africa. Mayina otere kawirikawiri amasonyeza malo amene anthu a ku Ulaya anayamba kuchionera chomera, osati kumene chinachokera.

Zizindikiro za jasimini weniweni

Asanafunse kuti ndi mtundu uti, munthu ayenera kutsimikiza kaye kuti chomeracho ndi cha gulu la Jasminum. Zizindikiro zazikulu ndi izi.

Duwa lili ndi kapaipi kakatali kowonda, ndipo kumapeto kwake limatambasuka m'timapiko. Timapikoti timakhala 4 mpaka 9 pa mitundu yambiri, koma mitundu ina imapitirira pamenepo.

M'kati mwa kapaipi muli timatumba ta mungu tiwiri tokha, pa timiyendo tatifupi kwambiri. Kuti tioneke, kapaipi kayenera kung'ambidwa m'litali ndi chikhadabo kapena lezala. Ichi ndi chizindikiro champhamvu kuposa zonse, chifukwa zomera zambiri zimene zimasokonezedwa ndi jasimini zili ndi timatumba 5 kapena kuposerapo.

Tsamba kapena kanthambi kakathyoledwa sipatuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Chipatso ndi kakang'ono, kofewa, kamada kakapsa, ndipo nthawi zambiri kamabereka mapasa, tiwiri tolumikizana pa phesi limodzi.

M'munsi mwa duwa muli kachikho kobiriwira kokhala ndi timano m'mphepete. Kutalika kwa timanoti kumasiyana kwambiri pakati pa mitundu, ndipo n'kothandiza pamene masamba akufanana.

Kuyamba ndi masamba

Akatswiri akhala akugawa jasimini potengera masamba kuyambira kale. Magulu amene anasindikizidwa m'buku la De Candolle la mu 1844 anatengera ngati masamba ndi athunthu, ogawika patatu, ogawika ngati nthenga, kapena omera mosinthana mbali. Mafunso awiri ndi amene amatsogolera.

Funso loyamba ndi la mmene masamba akhalira pa nthambi. Pa mitundu yambiri masamba amamera awiriawiri moyang'anizana pa mfundo imodzi, monga zimakhalira pa gwafa ndi khofi. Pa mitundu yochepa amamera limodzilimodzi, ili mbali iyi, lotsatira mbali inayo.

Funso lachiwiri ndi la mmene tsamba lenilenilo lapangidwira. Likhoza kukhala lathunthu, losagawika. Likhoza kukhala ndi timasamba titatu ngati tsamba la nyemba kapena nandolo. Likhozanso kukhala ndi timasamba 5 kapena kuposerapo, tondandalika mbali ziwiri za phesi ngati nthenga, ndi kamodzi kunsonga.

Ongoyamba kumene amalakwitsa potenga kakatsamba kamodzi ngati tsamba lathunthu. Chosiyanitsa ndi mphukira: pamene phesi la tsamba lenileni lalumikizana ndi nthambi pamakhala kamphukira, koma patsinde pa kakatsamba palibe. Pa mitundu yambiri ya jasimini ya masamba athunthu, phesi la tsamba limakhalanso ndi kamfundo pakati kapena cha m'munsi, ngati bondo.

Mitundu itatu ya masamba a nthenga

Mitundu imene imasokonezedwa kwambiri m'minda ya maluwa ndi Jasminum officinale, Jasminum grandiflorum ndi Jasminum polyanthum. Yonse itatu imayanga, ili ndi maluwa oyera onunkhira a timapiko 5, ndipo masamba ake ndi a nthenga, oyang'anizana.

Jasminum officinale amamera yekha kuyambira ku mapiri a Caucasus, kudutsa kumpoto kwa Iran, Afghanistan, Pakistan ndi mapiri a Himalaya, mpaka kumadzulo kwa China. Ndi duwa la fuko la Pakistan, komwe amalitcha chambeli. Tsamba limakhala ndi timasamba 5 mpaka 9, ndipo ka kunsonga n'kakakulu ndi kosongoka kuposa tinzake. Maluwa amakhala ochepa pa tsango limodzi, mapesi ake n'kutalika mofanana, kotero kuti amaoneka ngati achokera pamalo amodzi. Timano ta kachikho ndi tatitali ngati ulusi, mamilimita 5 mpaka 10. Mtunduwu umapirira kuzizira, ndipo kumaiko ozizira umayoyola masamba m'nyengo yachisanu.

Jasminum grandiflorum, amene Linnaeus anamutcha dzina mu 1762, ndi wachibale wapafupi wa Jasminum officinale, mwakuti akatswiri ena anamuwerenga ngati mtundu womwewo. Maluwa ake ndi okulirapo, timapiko take n'kutalika masentimita pafupifupi 2, ndipo kunsi kwake kumakhala kofiirira. Timasamba timafika 11, ta m'mbali n'tobulungira kunsonga, ndipo ka kunsonga nthawi zambiri kamalumikizana ndi tiwiri toyandikana nako. Chizindikiro chodalirika chili pa tsango la maluwa: duwa lapakati lili ndi phesi lalifupi, pamene a m'mbali ali ndi mapesi aatali amene amalipitirira. Mtunduwu supirira chisanu ngati mnzake uja. Ndi umene umalimidwa ku Grasse m'dziko la France, ku Egypt ndi ku India kuti apangire mafuta onunkhira.

Chisokonezo chimakula chifukwa pali Jasminum officinale wa maluwa okulirapo amene m'minda yogulitsa mbande wakhala akugulitsidwa ndi dzina lakuti 'Grandiflorum'. Dzina lake lenileni ndi Jasminum officinale f. affine, ndipo si Jasminum grandiflorum. Wogula amene akufuna mtundu wa mafuta onunkhira ayenera kuyang'ana mapesi a maluwa, osati chikwangwani.

Jasminum polyanthum anachokera kum'mwera chakumadzulo kwa China ndi ku Myanmar, ndipo Adrien Franchet anamutcha dzina mu 1891. Dzinalo limatanthauza maluwa ambiri. Tsango limodzi likhoza kukhala ndi maluwa makumi angapo, ndipo asanamasule amakhala a pinki wowala kapena ofiira. Timasamba timakhala 5 mpaka 7, tolimbirapo, ndipo sitiyoyoka chaka chonse. Chomusiyanitsa kwambiri ndi kachikho: timano take n'tatifupi zedi, osapitirira mamilimita 2. Amachita maluwa kamodzi kwakukulu kumapeto kwa nyengo yozizira, zomwe kum'mwera kwa Africa zimachitika cha mu Ogasiti ndi Seputembala, pamene mitundu iwiri ija imachita maluwa m'nyengo yotentha kwa miyezi ingapo. Nthambi zake zimamera mizu paliponse pamene zakhudza nthaka, n'chifukwa chake ku New Zealand ndi ku Australia wasanduka udzu wovuta umene umaphimba mitengo yachilengedwe.

Mitundu yoyera ya masamba athunthu

Jasminum sambac ndi chitsamba chimene chimatalika theka la mita mpaka mamita 3, ndipo chimatha kuyanga pang'ono chikapeza chotsamira. Masamba ake ndi athunthu, ozungulirako ngati dzira, osalala, a misempha yooneka bwino. Amakhala awiriawiri, nthawi zina atatu pa mfundo imodzi. Maluwa ndi onenepa, amamasula madzulo, fungo lake n'lamphamvu, ndipo akamakalamba amasanduka apinki kapena apepo. Linnaeus anamuika m'gulu lina ndi dzina la Nyctanthes sambac, ndipo William Aiton ndi amene anamusamutsira ku Jasminum mu 1789. Ku Philippines amatchedwa sampaguita ndipo anakhala duwa la fuko mu 1934. Ku Indonesia amatchedwa melati putih ndipo ndi limodzi mwa maluwa atatu a fuko. Ku Hawaii amatchedwa pikake.

Mtunduwu subereka mbewu kawirikawiri, choncho umafalitsidwa podula nthambi n'kudzala. Alimi asankha mitundu ingapo ya m'munda, yomwe imasiyana pa kapangidwe ka duwa. 'Maid of Orleans' ali ndi mzere umodzi wa timapiko tozungulirako, amakula msanga ndipo amachita maluwa pafupipafupi. 'Belle of India' ali ndi timapiko tatitali towonda, mzere umodzi kapena iwiri. 'Grand Duke of Tuscany' ali ndi timapiko tambirimbiri tothithikana, moti duwa limaoneka ngati rozi laling'ono. Amakula pang'onopang'ono, ndipo masamba ake amakonda kukhala atatu pa mfundo, moyandikana kwambiri. Ku India mitundu ina imadziwika ndi dzina la dera limene imalimidwa, monga Mysore mallige ku Karnataka ndi Madurai malli ku Tamil Nadu, amene dzina lake linatetezedwa ndi lamulo mu 2013. Pa maluwa a timapiko tothithikana, timatumba ta mungu nthawi zambiri timasowa chifukwa tinasanduka timapiko, ndiye kuti chizindikiro cha timatumba tiwiri sichigwira ntchito. Pamenepo munthu amadalira masamba, kachikho ka timano towonda 8 kapena 9, ndi kusowa kwa utomoni woyera.

Jasminum multiflorum wa ku India amafanana ndi Jasminum sambac akaonedwa patali. Kusiyana kumamveka ndi chala: nthambi zanthete, masamba ndi kachikho zonse zili ndi ubweya wofewa. Masamba ake patsinde amaoneka ngati mtima, maluwa amaunjikana ambiri kunsonga kwa nthambi, timapiko n'tosongoka, ndipo fungo n'lochepa kwambiri kapena kulibe. Munthu akapeza chitsamba chodzaza maluwa oyera koma osanunkhira kwenikweni, kawirikawiri ndi mtundu umenewu.

Jasminum laurifolium, amene m'minda yambiri akudziwikabe ndi dzina lakale la Jasminum nitidum, ali ndi masamba onyezimira opanda ubweya, aatali ndi osongoka. Timapiko take ndi towonda kwambiri ndipo timafika 10 kapena kuposerapo, ndipo maluwa asanamasule amakhala apepo.

Jasminum auriculatum, amene ku India amatchedwa juhi, ali pakati pa magulu awiri. Tsamba limaoneka lathunthu, koma patsinde pake pamakhala timasamba tiwiri tating'ono ngati timakutu, ndipo dzina lake linachokera pamenepo. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono kuposa a Jasminum sambac.

Mitundu ya maluwa achikasu

Pa mitundu yachikasu, funso la mmene masamba akhalira pa nthambi ndi limene limathetsa nkhani.

Ngati masamba ali oyang'anizana, a timasamba titatu, ndipo nthambi zili zobiriwira za ngodya zinayi, chomeracho ndi Jasminum nudiflorum kapena Jasminum mesnyi. Mitundu yonse iwiri inachokera ku China, imagwetsa nthambi zake pansi ngati uta m'malo mozengereza pa chinthu, ndipo maluwa ake amakhala limodzilimodzi, opanda fungo lenileni. Jasminum nudiflorum amayoyola masamba n'kuchita maluwa pa nthambi zopanda kanthu m'nyengo yachisanu. Maluwa ake ndi a masentimita pafupifupi 2 m'lifupi, a mzere umodzi wa timapiko 5 kapena 6. Robert Fortune anamutumiza ku Britain mu 1844, ndipo John Lindley anamutcha dzina mu 1846. Jasminum mesnyi, amene Henry Hance anamutcha dzina mu 1882 pokumbukira William Mesny, sayoyola masamba. Timasamba take n'tokulirapo, ndipo maluwa amafika masentimita 4, nthawi zambiri okhala ndi timapiko towonjezera pakati. M'madera ofunda, kuphatikizapo kum'mwera kwa Africa, amene amapezeka m'minda kawirikawiri ndi Jasminum mesnyi.

Ngati masamba ali osinthana mbali, chomeracho chili m'gulu limene kale linkawerengedwa ngati Jasminum, koma Enrico Banfi wa ku Italy analipatula mu 2014 n'kulitcha Chrysojasminum. M'gululi muli Chrysojasminum humile, yemwe ndi Italian jasmine uja, wa timasamba 3 mpaka 7 ndi maluwa a m'matsango, Chrysojasminum fruticans wa m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ndi Chrysojasminum odoratissimum wa ku Madeira ndi zilumba za Canary. Mabuku akale ndi ogulitsa mbande ambiri akugwiritsabe ntchito mayina oyamba ndi Jasminum, choncho mayina onse awiri amanena chomera chimodzi.

Maluwa ofiira kapena apinki m'kati ndi kunja komwe ndi osowa m'gululi. Amapezeka pa Jasminum beesianum wa ku China, wa masamba athunthu ang'onoang'ono, ndi pa Jasminum × stephanense, amene anabadwa pokwatitsa Jasminum beesianum ndi Jasminum officinale. Wachiwiriyu amazindikirika chifukwa pa chomera chimodzi pamapezeka masamba athunthu ndi ogawika omwe.

Mitundu ya ku Africa

Africa ili ndi mitundu yake yambiri ya jasimini wa m'tchire. Ya ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Botswana inafotokozedwa m'buku la Flora Zambesiaca, m'gawo la banja la Oleaceae limene linatuluka mu 1983. Kusiyanitsa kwake kumatsata njira yomweyi ya masamba.

Pa mitundu ya timasamba titatu, iwiri yodziwika ndi Jasminum fluminense ndi Jasminum abyssinicum, ndipo yonse imapezeka ku Malawi. Jasminum fluminense amamera m'mphepete mwa mitsinje, m'zitsamba zowirira ndi m'nkhalango zouma za m'madera otsika ndi apakati. Nthambi ndi timasamba take nthawi zambiri zimakhala ndi ubweya, ndipo timano ta kachikho n'tatifupi kwambiri. Kumene anapititsidwa, monga ku Florida, Hawaii ndi zilumba za Caribbean, wasanduka udzu wovuta. Jasminum abyssinicum amamera m'mphepete mwa nkhalango za m'mapiri kuyambira ku Ethiopia mpaka ku South Africa. Amayanga mwamphamvu mpaka pamwamba pa mitengo, timasamba take n'tobiriwira moderako ndi tonyezimira, ndipo ubweya umapezeka makamaka kunsi kwa tsamba, m'timagulu pamene misempha yakumana. Ku South Africa kulinso Jasminum angulare, amene nthambi zake zanthete zili ndi ngodya.

Pa mitundu ya masamba athunthu, Jasminum multipartitum wa ku South Africa, Eswatini ndi Mozambique ali ndi masamba osalala onyezimira ndi maluwa aakulu amene nthawi zambiri amakhala limodzilimodzi kunsonga kwa kanthambi. Timapiko take n'towonda, 8 mpaka 12, ndipo kunja kwa duwa n'kofiirira. Jasminum stenolobum amafanana naye pa duwa, koma masamba ndi nthambi zake zili ndi ubweya. Jasminum dichotomum wa kumadzulo ndi pakati pa Africa ali ndi masamba aakulu onyezimira, nthawi zambiri atatu pa mfundo, ndi maluwa ambiri pa tsango amene amamasula usiku.

Zomera zotchedwa jasimini za m'magulu ena

Trachelospermum jasminoides, wotchedwa star jasmine, ndi amene amasokonezedwa kwambiri ndi jasimini weniweni. Ndi wa banja la Apocynaceae ndipo anachokera kum'mawa kwa Asia. Masamba ake ndi athunthu, olimba ngati chikopa, timapiko 5 n'topotoka mbali imodzi ngati chopukusa mphepo, ndipo akathyoledwa amatulutsa utomoni woyera womata. Zipatso zake ndi zazitali ngati zitheba, ziwiriziwiri. Dzina lakuti star jasmine limagwiritsidwanso ntchito pa Jasminum multiflorum, zomwe zimawonjezera chisokonezo.

M'banja lomwelo muli Stephanotis floribunda wa ku Madagascar, wa maluwa okhuthala ngati phula, ndi Tabernaemontana divaricata, chitsamba chimene mtundu wake wa timapiko tambiri umafanana kwambiri ndi Jasminum sambac. Zonse ziwiri zimatulutsa utomoni woyera.

Gelsemium sempervirens, wotchedwa Carolina jasmine, anachokera kum'mwera chakum'mawa kwa United States mpaka ku Central America, ndipo ndi duwa la boma la South Carolina kuyambira 1924. Maluwa ake ndi achikasu, onunkhira, otseguka ngati lipenga, a timatumba ta mungu 5, ndipo masamba ndi athunthu. Jasimini wachikasu wa masamba oyang'anizana amakhala ndi timasamba titatu, ndiye kusiyana kumaoneka msanga. Mbali zonse za Gelsemium zili ndi poizoni woopsa kwa anthu ndi ziweto.

Cestrum nocturnum, wotchedwa night-blooming jasmine, ndi wa banja la Solanaceae, lomwe ndi banja la tomato, mbatatesi ndi fodya. Masamba ake ndi athunthu, osinthana mbali, maluwa ndi timapaipi tobiriwira motuwa ta timano 5 tating'ono, ndipo tizipatso take n'toyera. Fungo lake usiku n'lamphamvu kuposa la jasimini. Chomerachi chili ndi poizoni, ndipo mitundu ina ya Cestrum imapha ng'ombe zikadya masamba ake. M'banja lomweli muli Solanum laxum, amene duwa lake lili ndi kansonga kachikasu pakati ngati duwa la mbatatesi.

Gardenia jasminoides, wotchedwa Cape jasmine ngakhale kuti kwawo ndi ku Asia, ndi wa banja la khofi. Maluwa ake ndi aakulu kwambiri, ndipo pa mfundo, pakati pa mapesi a masamba awiri, pamakhala kachikopa kakang'ono kamene jasimini alibe.

Murraya paniculata, wotchedwa orange jasmine, ndi wachibale wa malalanje ndi mandimu. Masamba ake ndi a nthenga koma osinthana mbali, timapiko take n'tosalumikizana, timatumba ta mungu tilipo 10, ndipo tizipatso timafiira tikapsa.

Nyctanthes arbor-tristis, amene ku India amatchedwa parijat, ali m'banja limodzi ndi jasimini ndipo nayenso ali ndi timatumba ta mungu tiwiri, koma ndi gulu lina. Ndi kamtengo ka masamba okhakhala, kapaipi ka duwa lake n'ka olenji, maluwa amayoyoka m'mamawa, ndipo chipatso chake n'chouma ndi chophwatalala.

Zizindikiro zosadalirika

Fungo limasintha malinga ndi nthawi ya tsiku ndi nyengo, ndipo mitundu yambiri imanunkhira kwambiri madzulo ndi usiku. Kukula kwa masamba kumadalira mthunzi, madzi ndi chonde. Chiwerengero cha timapiko chimatha kusiyana pa maluwa a chomera chimodzi, choncho ndi bwino kuwerenga maluwa angapo. Kufiira kwa maluwa osamasula kumapezeka pa mitundu yambiri yosiyana, ndipo kumachepa pamthunzi. Komanso, mitundu yambiri ya jasimini ili ndi maluwa a mapangidwe awiri: pa zomera zina kamtengo kolandira mungu n'kakatali ndipo kamasuzumira pakamwa pa kapaipi, pamene pa zina n'kakafupi ndipo kamabisika m'kati. Kusiyana kumeneku sikutanthauza kuti ndi mitundu iwiri.

Kufunika kwa kusiyanitsa

Chifukwa choyamba ndi chitetezo. Tiyi wa jasimini, amene mizinda ya Fuzhou ndi Hengzhou ku China imadziwika naye, amanunkhiritsidwa makamaka ndi maluwa a Jasminum sambac. Maluwawo amathyoledwa masana asanamasule, n'kusakanizidwa ndi masamba a tiyi usiku pamene akutseguka. Munthu amene angayese kuchita zomwezi kunyumba ndi maluwa a Gelsemium kapena Cestrum, poganiza kuti onse ndi jasimini, akhoza kudwala kwambiri.

Chifukwa chachiwiri ndi malonda. Opanga mafuta onunkhira amagula makamaka Jasminum grandiflorum ndi Jasminum sambac, ndipo fungo la mitundu iwiriyi n'losiyana. Mlimi amene wadzala mbande za mtundu wolakwika amazindikira patatha chaka kapena kuposerapo, pamene maluwa ayamba.

Chifukwa chachitatu ndi chilengedwe. Jasminum polyanthum, Jasminum fluminense ndi Jasminum dichotomum amafalikira msanga kunja kwa madera awo, pamene Jasminum azoricum, amene amafanana ndi Jasminum fluminense pa masamba, watsala pang'ono kutheratu m'tchire la ku Madeira ngakhale kuti m'minda ndi wofala.

Kutsimikiza dzina

Pamene zizindikiro za pamwambazi sizikukwanira, makamaka pa mitundu ya m'tchire, chomeracho chimayerekezedwa ndi zitsanzo zouma zimene zimasungidwa m'malo osungira zomera. Ku Malawi ntchitoyi imachitika ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, komwe likulu lake lili ku Zomba. Chitsanzo chabwino ndi kanthambi kokhala ndi mfundo zingapo, masamba okhwima, maluwa omasula ndi osamasula, komanso zipatso ngati zilipo. Chimaumitsidwa pochipanikiza pakati pa mapepala a nyuzi. Pambali pake pamalembedwa malo, tsiku, ngati chomeracho chimayanga kapena chimaima chokha, ngati chinatulutsa utomoni, ndiponso maonekedwe ndi fungo la maluwa, chifukwa zimenezi zimatha chitsanzo chikauma.